Kalabu ya makompyuta a pakhomo: kuyiyambitsa ndi zophunzitsana pa misonkhano yoyambirira

Banja lililonse lili ndi katswiri wake wa kompyuta. Ndi mwana kapena mdzukulu uja amene amaitanidwa laputopu ikavuta. Amafika, n'kulanda mausi, n'kudinadina mothamanga ngati akuthawa mvula, kenako n'kunena kuti "yatheka", basi wapita. Mwini kompyuta satolapo kanthu. Vuto lomwelo likabweranso sabata yamawa, amangoti manja lende kudikira kuti katswiri uja apeze mpata. Tsoka lake, wakuba wa pa intaneti sadikira nawo. Iye amafika katswiri kulibe, n'kupeza mayi kapena bambo ali yekha pamaso pa sikirini.

Kalabu ya anthu oyandikana, yokumana n'kumaphunzitsana za makompyuta awo, imatha kuthetsa vuto limeneli ikayendetsedwa bwino. Ndakhala ndikuthandiza nawo gulu lotere kwa zaka zingapo, ndipo zambiri zimene ndilembe pano tinazidziwa titalakwitsa kaye.

Yambani ndi anthu ochepa komanso malamulo atatu

Anthu 8 mpaka 12 ndi okwanira. Akachuluka kuposa apo, amanyazi amangokhala phee pakona, msonkhano n'kutha osafunsapo kanthu. Pa anthu atatu kapena anayi alionse pakhale mmodzi wodziwako pang'ono. Sikuti achite kukhala woti anaphunzira za makompyuta kusukulu. Chofunika ndi kuleza mtima. Ndaonapo akatswiri enieni akulephera ntchitoyi chifukwa funso likabwerezedwa kachitatu, nkhope yawo imasintha, wofunsayo n'kuona.

Pezani chipinda chokhala ndi matebulo, masoketi okwanira ndi intaneti. Muzikumana maola awiri, kawiri pa mwezi. Aliyense azibwera ndi laputopu yake, chaja, foni ndi kope lolembamo. Amene kompyuta yake ndi ya patebulo, yosanyamulika, azijambula ndi foni uthenga uliwonse womuzunguza umene watuluka pa sikirini, n'kubwera ndi chithunzicho. "Inalemba zinazake zofiira" sizithandiza aliyense, koma chithunzi chimathandiza.

Malamulo awerengedwe pa tsiku loyamba, ndipo azibwerezedwa pakabwera mlendo.

Loyamba: wogwira mausi ndi mwini kompyuta yekha. Wothandiza aziloza ndi chala kapena cholembera, dzanja lake lisafike pa kiyibodi. Zimachedwa, n'zoona, ndipo manja a wothandiza amayabwa. Koma chimene munthu wachita ndi dzanja lake amakachitanso kunyumba, pamene chimene wangoonerera chimatsala m'chipinda momwemo. Lamulo limeneli ndilo mtima wa kalabu yonse.

Lachiwiri: palibe wouza mnzake pasiwedi, ngakhale wotsogolera gulu. Wina akamalemba pasiwedi, oyandikana naye aziyang'ana kumbali. Poyamba anthu amaseka, amati "ife tomwe?", koma chizolowezicho n'chimene chidzawapulumutse tsiku limene munthu wachilendo adzawapemphe pasiwedi pa foni.

Lachitatu: palibe kuseka amene anapusitsidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munthu amene akuopa kusekedwa amabisa, ndipo pa nkhani za intaneti tsiku lililonse lobisa limapatsa wakuba nthawi yomaliza ntchito yake.

Nenaninso poyera kuti kalabu si malo okonzera makompyuta. Ife tinachedwa kunena zimenezi, ndipo kwa miyezi ingapo anthu ankangobwera kudzatula malaputopu akufa n'kufunsa kuti adzatenge liti.

Msonkhano woyamba: aliyense adziwe chimene ali nacho

Musaphunzitse zambiri tsikuli. Aliyense alembe patsamba loyamba la kope lake zinthu zinayi: mtundu wa kompyuta, pulogalamu yaikulu imene imaiyendetsa, kukula kwa RAM (malo amene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwira panthawiyo), ndi malo otsala osungira mafayilo. Pa Windows, dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani winver, n'kudina Enter. Kabokosi kamene katuluke kakuuzani ngati muli ndi Windows 10 kapena 11. Zinazo zili mu Settings, pa System, kenako About ndi Storage. Amene ali ndi Mac adine chizindikiro cha Apple pakona yakumanzere, n'kusankha About This Mac.

Tsekani msonkhanowo ndi timphatso tating'ono, kuti anthu apite kwawo akumva kuti apindula. Ctrl ndi Z imabweza chimene mwalakwitsa. Ctrl, Shift ndi T zimabwezeretsa tsamba la pa intaneti limene mwatseka mwangozi. Batani la Windows ndi L limakhoma sikirini mukamachoka pampando. Zitatu zimenezi zokha zimabweretsanso anthu pa msonkhano wachiwiri.

Msonkhano wachiwiri: makope a zinthu zanu

Ambiri amafuna kuyamba ndi mavairasi chifukwa ndiwo amamveka oopsa. Ine ndimakana. Chimene chimaliritsa anthu kawirikawiri ndi hard disk (chosungira mafayilo cha mkati mwa kompyuta) imene yangofa yokha, laputopu yogwa pansi, yothiridwa madzi, kapena yobedwa. Bambo wina wa m'gulu lathu anataya zithunzi za zaka zambiri za ana ake mwanjira imeneyi. Kompyuta inali itayamba kale kulira mwachilendo, tiki tiki mkati, iye n'kumati adzakopera zinthuzo akadzapeza mpata. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Tsiku lina inangokana kuyaka.

Lamulo limene anthu a ntchito za makompyuta amatsatira limatchedwa 3-2-1. Chinthu chilichonse chofunika chikhale ndi makope 3, pa zosungira za mitundu 2, ndipo kope 1 likhale kwina, osati m'nyumba momwe muli kompyutayo. Kwa munthu wamba zikutanthauza izi: kope loyamba lili pa kompyuta, lachiwiri pa hard disk ya m'manja kapena fulashi yaikulu, lachitatu pa intaneti, monga pa Google Drive, OneDrive kapena iCloud.

Chitani motere pa msonkhano. Aliyense alembe kaye zinthu zimene atazitaya sangazipezenso kwina: zithunzi za banja, zikalata, ntchito ya kusukulu kapena ya bizinesi. Mafilimu ndi nyimbo zisiyeni, zimadya malo ndipo zimapezekanso. Kenako alumikize chosungira chake n'kukopera mafodawo. Amene akufuna kuti zizichitika zokha atsegule File History pa Windows, kapena Time Machine pa Mac.

Gawo limene ambiri amadumpha ndi ili: yesani kopelo. Lumikizani chosungiracho pa kompyuta ya mnzanu, tsegulani chithunzi chimodzi ndi chikalata chimodzi. Tinapezapo munthu amene kwa chaka chathunthu ankakopera timashotikati ta pa sikirini, tizizindikiro tolozera kumene kuli fayilo, iye n'kumaganiza kuti akukopera mafayilo enieniwo. Mukamaliza, zulani chosungiracho n'kuchisunga padera. Chikakhala cholumikizidwa nthawi zonse, vairasi yamtundu uja wokhoma mafayilo n'kufuna dipo imakhomanso ndi kope lomwe.

Msonkhano wachitatu: maapudeti

Nkhani yake ndi yaifupi: kompyuta ikapempha apudeti, iloleni. Pulogalamu iliyonse imakhala ndi ziboo zimene opanga sanazione, ndipo apudeti ndi chigamba. Microsoft imatulutsa zigamba zake Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse.

Pofuna kuti anthu amvetse, afotokozereni za WannaCry. Kuyambira pa 12 Meyi 2017 vairasi imeneyi inafalikira m'mayiko pafupifupi 150 n'kukhoma makompyuta opitirira 200,000. Ku England zipatala zina za NHS, bungwe la boma la zaumoyo, zinachita kubweza odwala ndi kuimitsa maopaleshoni. Komatu chigamba chotseka chiboo chimene vairasiyo inalowera chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, miyezi iwiri m'mbuyo. Ambiri mwa ogwidwawo anali asanachiike.

Aliyense atsegule Settings, apite pa Windows Update, adine Check for updates. Achitenso chimodzimodzi ndi browser yake, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti ija, kaya ndi Chrome, Edge kapena Firefox.

Apa mudzakumana ndi vuto la Windows 10. Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025, ngakhale inapereka njira yolembetsa kuti munthu alandirebe zigamba za chitetezo kwa chaka china chimodzi. Kompyuta ya Windows 10 ikuyakabe bwinobwino, koma ziboo zatsopano zikamapezeka sipakhalanso wozitseka. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB ndi purosesa yosakalamba kwambiri, choncho makompyuta ambiri akale sailandira. Musathamangire kuuza anthu kuti akagule ina. Linux Mint, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta imene imatha kulowa m'malo mwa Windows, ndi yaulere, imayenda bwino pa makompyuta akale, ndipo mutha kuiyesa kuchokera pa fulashi musanafufute chilichonse. Imabwera ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama. Kwa munthu amene ntchito yake ndi imelo, intaneti ndi makalata, imakwanira. Ingoyambani mwatsimikiza kuti makope a msonkhano wachiwiri aja alipodi.

Za antivairasi musatayepo nthawi yambiri. Microsoft Defender imene imabwera kale mu Windows ndi yokwanira pa ntchito za pakhomo, bola ikhale yoyaka. Kuika maantivairasi awiri kumangochedwetsa kompyuta. Choopsa chenicheni ndi mapulogalamu obedwa, aja ogulitsidwa koma wina wawathyola n'kumagawa ulere. Nthawi zambiri amabwera atabereka kanthu kumsana.

Msonkhano wachinayi ndi wachisanu: mapasiwedi

Apa musafulumire. Misonkhano iwiri siichuluka.

Vuto lalikulu si pasiwedi yofooka yokha, koma pasiwedi imodzi yogwiritsidwa ntchito paliponse. Makampani amabedwa mayina ndi mapasiwedi a makasitomala awo. Yahoo inavomereza mu 2017 kuti kuba kumene kunachitika mu 2013 kunakhudza maakaunti ake onse, 3 biliyoni. Akuba akapeza imelo ndi pasiwedi yanu kuchokera pamalo amodzi, amaziyesa ndi makina pa malo ena ambirimbiri. Ngati kiyi wa pakhomo ndi yemweyo wa kuchipinda, wa galimoto ndi wa kuntchito, wotola kiyiyo watola zonse.

Kuti anthu akhulupirire, aliyense atsegule Have I Been Pwned, malo a pa intaneti amene anakhazikitsa Troy Hunt wa ku Australia mu 2013, n'kulembapo adiresi ya imelo yake. Imelo yokha, pasiwedi ayi. Zikuonetsani ngati adiresiyo ili m'gulu la zinthu zimene zinabedwapo, ndiponso kuti zinabedwa kuti. Chipinda chimangoti zii nthawi imeneyi, ndipo pambuyo pake palibenso wotsutsa.

Pasiwedi yabwino ndi yaitali. Kale tinkauzidwa kuti tizisakaniza zilembo zazikulu, manambala ndi zizindikiro, komanso kusintha miyezi itatu iliyonse. Mu 2017 bungwe la NIST la ku United States linasintha malangizo ake: kutalika ndiko kofunika, ndipo kukakamiza anthu kusinthasintha popanda chifukwa kumangowachititsa kulemba pasiwedi yakale yomweyo n'kuwonjezera 1 kumapeto. Bungwe la NCSC la ku United Kingdom limalangiza kulumikiza mawu atatu osagwirizana. Ine ndimati anayi. Sankhani mawu amene alibe ubale ndi inu kapena wina ndi mnzake, monga mtambo, singano, ngolo ndi kadzidzi, n'kuwalumikiza. Amenewa ndawalemba poyera, ndiye musawagwiritse ntchito. Dzina la mwana, chaka chobadwa ndi nambala ya foni zisalowemo, chifukwa zonsezi zili kale pa Facebook panu.

Funso limene limatsatira ndimalidziwa: ndiye ndikumbukira bwanji mapasiwedi makumi awiri? Simukumbukira, ndipo musayese. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi pulogalamu yosunga mapasiwedi, monga Bitwarden kapena KeePass, kapena imene ili kale mu browser yanu. Inu mumakumbukira pasiwedi imodzi yaikulu, iyo n'kumasunga ndi kupanga zinazo. Yachiwiri ndi kabuku, kolembedwa pamanja, kosungidwa m'kabati kunyumba. Akatswiri ena amakwinya nkhope akamva zimenezi, koma wakuba amene ali kutsidya la nyanja sangawerenge kabuku kali m'kabati mwanu. Kwa agogo amene pulogalamu ikuwasokoneza, kabuku kamaposa kutalitali pasiwedi imodzi ya paliponse. Chokhacho, kasamayende m'chikwama chimodzi ndi laputopu, ndipo kapepala komata pa sikirini si kabuku.

Musawauze anthu kuti asinthe zonse tsiku limodzi, angafooke. Ayambe ndi imelo, chifukwa mukaiwala pasiwedi ya malo ena alionse, uthenga wokonzera umapita ku imelo. Wolanda imelo yanu walanda zonse. Kenako banki, kenako masamba a mchezo.

Msonkhano wachisanu ukhale wa loko wachiwiri, amene pa Google amalembedwa kuti 2-Step Verification. Mukamuyatsa, pasiwedi yokha siikwanira. Pamafunikanso nambala imene imabwera pa foni yanu kapena imene imapangidwa ndi pulogalamu ngati Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator. Ya pulogalamu ndi yolimba kuposa ya SMS, popeza nambala ya foni imatha kulandidwa, koma ya SMS imaposa kukhala opanda kanthu. Aliyense ayatse pa imelo yake tsiku lomwelo, ali pakati pa anzake. Asanachoke, atenge manambala apadera olowera foni ikatayika. Google imapereka 10, iliyonse ya manambala 8. Alembe m'kabuku kaja. Tinaiwalapo gawo limeneli kamodzi, mayi wina foni itagwera m'madzi anavutika milungu ingapo kuti alowenso mu imelo yake, ndipo mlandu unali wathu.

Msonkhano wachisanu ndi chimodzi: kuzindikira achinyengo

Uwu ndi msonkhano umene anthu amaukonda, ndipo ndi woyenera kuubwereza miyezi ingapo iliyonse, chifukwa nkhani za akathyali zimasintha ngakhale kapangidwe kake n'kamodzi.

Sabata imodzi usanachitike, pemphani aliyense kuti asunge mauthenga okayikitsa amene walandira pa imelo, SMS kapena WhatsApp, osadina chilichonse. Pa msonkhano muwawerenge mokweza limodzi. Posachedwa anthu ayamba kuona okha kuti onse ali ndi zinthu zitatu. Amakuopsezani kapena kukukopani: akaunti yanu itsekedwa, katundu wanu wagwidwa, mwapambana mphoto. Amakufulumizitsani: lero lomwe, pasanathe ola. Ndipo amafuna kuti muchite kanthu: dinani apa, tumizani ndalama, tiuzeni nambala imene yabwera pa foni yanu. Kale tinkati chizindikiro china ndi kalembedwe kolakwikalakwika, koma masiku ano makina amawalembera mauthenga osalala, ndiye musadalirenso zimenezo.

Phunzitsani kuwerenga linki. Pa kompyuta, ikani kamuvi ka mausi pamwamba pa linki osadina, adiresi yeniyeni ioneka pansi kumanzere. Dumphani https:// ya kumayambiriro, fufuzani kamzere kopendekera koyamba, n'kuwerenga mawu awiri amene ali kumanzere kwake. Kawirikawiri amenewo ndiwo mwini nyumba. Mu accounts.google.com/ mwini ndi google.com. Mu google.com.lowani-pano.net/ mwini ndi lowani-pano.net, ndipo dzina la Google langovekedwa kutsogolo ngati chipewa chobwereka. Lembani zitsanzo khumi pa bolodi, anthu apikisane. Auzeninso kuti kachizindikiro ka loko pafupi ndi adiresi sikatanthauza kuti eni tsambalo ndi okhulupirika. Kamangonena kuti zimene mukutumiza sizikuwerengedwa panjira. Chrome inakachotsa mu 2023 chifukwa anthu ankakamva molakwika chomwechi.

Koma njira yosavuta kuposa zonse ndi kusadina n'komwe. Uthenga ukati wachokera ku banki, utsekeni, mulembe nokha adiresi ya banki mu browser, kapena muimbe nambala imene ili kuseri kwa khadi lanu. Wachibale akalemba kuchokera pa nambala yachilendo kuti foni yake yawonongeka ndipo akufuna ndalama msanga, muimbireni pa nambala yake yakale. Masiku ano ngakhale mawu a munthu amatha kutsanziridwa ndi makina, choncho mabanja ena amagwirizana liwu lachinsinsi loti afunsane zikatere.

Chinyengo china chofala pa makompyuta a pakhomo ndi cha "othandiza". Mukuwerenga nkhani, mwadzidzidzi sikirini yonse yadzaza ndi chenjezo, mwina ndi phokoso lomwe, lakuti kompyuta yagwidwa ndi vairasi, imbani nambala iyi. Ndi bodza. Limenelo ndi tsamba la pa intaneti chabe, ndipo mauthenga enieni a Microsoft sakhala ndi nambala yoti muimbe. Mukaimba, munthu waulemu kwambiri amakupemphani kuti muike pulogalamu ngati AnyDesk kapena TeamViewer. Mapulogalamuwa paokha ndi abwino, ntchito yake ndi kulola munthu wakutali kuyendetsa kompyuta yanu, koma mukapatsa wakuba ndiye kuti mwamutsegulira chitseko n'kumupatsanso mpando. Aliyense ayeserere pothawira: dinani Ctrl, Shift ndi Esc kuti mutsegule Task Manager, imene imaonetsa mapulogalamu onse amene akuyenda, sankhani browser, dinani End task. Zikakanika, gwirani batani lozimitsira mpaka kompyuta itazima. Mukatsegulanso browser, ikafunsa ngati ibwezeretse masamba aja, kanani.

Ndiyeno chitani sewero. Mmodzi akhale wakuba woimba foni, wina akhale woimbiridwa. Wakubayo anyengerere, aopseze, achonderere kuti auzidwe manambala 6 amene WhatsApp yatumiza. Cholinga n'chakuti woimbiridwayo azolowere kudula foni. Zikumveka zophweka, koma anthu amene analeredwa mwaulemu zimawavuta kwambiri kudula munthu ali mkati molankhula, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Agogo ena a m'gulu lathu anachita kupepesa katatu asanadule. Tinabwereza mpaka anadula osapepesa, chipinda chonse n'kuwomba m'manja.

Kanthu kena kakang'ono: mu File Explorer, pitani pa View, muyatse File name extensions. Mukatero fayilo yodzitcha chithunzi.jpg.exe ioneka mmene ilili, kuti ndi pulogalamu, osati chithunzi.

Misonkhano yotsatira: nyumba yonse

Kompyuta ya pakhomo imagwiridwa ndi manja ambiri. Aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, ndipo za ana ndi alendo zikhale za Standard, osati Administrator, kuti asathe kuika pulogalamu popanda pasiwedi ya mkulu. Microsoft Family Safety ndi Google Family Link zimathandiza kuika malire a nthawi ndi a masamba. Masamba ambiri a mchezo amati wolembetsa akhale wa zaka zosachepera 13. Komabe makolo auzidwe zoona: mwana wochenjera amazilambalala zonsezi. Chimene chimagwira ntchito ndi chakuti mwanayo adziwe kuti akaona choopsa, kapena munthu wachilendo akamupempha zithunzi, akanena sadzalandidwa foni. Ndi lamulo lachitatu la kalabu lija, lapita kunyumba.

Rauta, kabokosi kogawa Wi-Fi m'nyumba kaja, nayo isaiwalike. Ili ndi mapasiwedi awiri: ya Wi-Fi, ndi ina yolowera mkati mwake, imene nthawi zambiri imakhala ya kufakitale, yolembedwa pa kapepala pansi pake. Lembani 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 mu browser, kapena adiresi imene ili pa kapepalako, sinthani zonse ziwiri, ndipo pa chitetezo sankhani WPA2 kapena WPA3. Mukapeza pali WEP yokha, rautayo yakalamba.

Kompyuta yochedwa ndi dandaulo la msonkhano uliwonse. Yambani ndi zosalira ndalama: mu Task Manager, pa Startup, zimitsani mapulogalamu amene amadziyatsa okha popanda chifukwa, chotsani amene simuwagwiritsa ntchito, ndipo muziizimitsa kompyutayo ndi Restart mwa apo ndi apo m'malo mongotseka chivundikiro. Laputopu isagwire ntchito ili pa bedi kapena pa bulangeti, timabowo ta mpweya timatsekeka, ikatentha imadzichedwetsa dala. Ngati ikadali ndi hard disk yozungulira, kuikamo SSD, chosungira chamakono chopanda chozungulira mkati, kumaisintha kuposa china chilichonse. Batire ikatupa, mpaka kiyibodi kapena pogwira chala kutukumuka, lekani kuichaja ndipo pitani nayo kwa wokonza. Imeneyo si ntchito ya kalabu, imatha kuyaka moto.

Wina akagwidwa

Zidzachitika ndithu, ngakhale kwa amene anapezeka pa misonkhano yonse. Choncho patsamba lomaliza la kope la aliyense palembedwe ndondomeko iyi, ndi zilembo zazikulu, chifukwa munthu wogwidwa mantha sakumbukira zimene anaphunzira.

Chotsani kompyutayo pa intaneti: zimitsani Wi-Fi kapena zulani chingwe. Ngati nkhaniyo ikukhudza ndalama, imbirani banki nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku, kuti atseke khadi kapena akaunti. Pogwiritsa ntchito chipangizo china, osati chimene chagwidwacho, sinthani pasiwedi ya imelo, kenako zinazo, ndipo musankhe kuti zipangizo zina zonse zitulutsidwe mu akauntiyo. Yang'anani mu imelo ngati wakuba sanaike lamulo lotumiza makalata anu ku adiresi yake, kapena kusintha nambala ya foni yobwezeretsera akaunti. Dziwitsani abale ndi anzanu kuti uthenga wopempha ndalama m'dzina lanu si wanu. Musafufute mauthenga a wakubayo, ajambuleni, apolisi ndi banki adzawafuna. Ngati munamulola kulowa m'kompyuta, musakhulupirire kuti kuchotsa pulogalamu ija kwathetsa nkhani. Njira yodalirika kuposa pamenepo ndi kuikanso Windows mwatsopano kudzera pa Reset this PC, n'kubwezeretsa mafayilo kuchokera pa makope aja.

Pansi pa ndondomekoyo lembaninso chenjezo ili: pakapita masiku angapo mwina padzaimba munthu wina wonena kuti ndi wapolisi, loya kapena katswiri amene angabweze ndalama zanu mukamulipira kaye pang'ono. Kawirikawiri ndi gulu lomwe lija, kapena lina limene lagula dzina lanu. Ndipo pansi penipeni pakhale nambala za foni za anthu awiri a m'kalabu amene avomera kuimbiridwa nthawi iliyonse. Akhale awiri, kuti wina akapanda kuyankha, winayo ayankhe.